Chitini cha Mchere

Fyson, kalaliki wa ku boma ku Mzuzu, anasiya kumenya mkazi wake Lenia akulu ampingo atamuopseza kuti amudula mumpingo. Anthu ku Chibanja, kumene ankakhala, anati banja lachira. Kuchira kwake kuti? Linapuma ndi dzanja lokha, pakamwa panapitiriza. Tsiku ndi tsiku Lenia ankauzidwa kuti ndi mbuli, katundu amene mwamuna anatola ku Dowa mwachisoni chabe. Anafika pomangokhala pakhonde tsitsi losapesa, chakudya osachifuna, misozi nayo itamuthera.

Kenaka mwana wawo Marjorie anayamba kutsokomola ndi kutupa mapazi. Amayi ake a Fyson anabwera pa basi, ndipo asanamwe n'komwe madzi anagamula kuti ndi mdulo: wina m'nyumbamo wayenda kunja kwa banja ndipo wadwalitsa mwana. Sanafunse kuti ndani. Anangotenga chitini cha mchere n'kuchitsekera m'sutikesi mwawo, poti wachigololo akathira mchere m'ndiwo amamaliza mwana. Pofika madzulo azimayi onse kuchitsime anali atamva, ndipo Fyson, amene ankaseka miyambo ya kumudzi, ulendo uno anavomereza ndi mutu.

Lenia anapirira masiku atatu. Tsiku lachinayi, atamva apongozi akunena kuti mwanayo apita naye kwawo, anathyola sutikesi ija ndi mpeni. Anaika chitini patebulo, pambali pa phala la mwana.

"Ine mwandiletsa, chabwino," anatero Lenia. "Bambo a Marjorie, thirani ndinu. Mumudyetse ndi dzanja lanu."

Fyson anaseka, nati zimenezo ndi zachikunja. Amayi ake anamuuza kuti athire, nkhani ithe. Fyson anatapa mchere, nayang'ana mwana wake, dzanja n'kuima m'malere. Thukuta linatsika ngakhale kunali kuzizira kwa Mzuzu kuja. Pang'onopang'ono anabwezera mcherewo m'chitini.

Apongozi anati amuna ndi momwe alili, ndipo nkhaniyi isatuluke panja.

Apo m'pamene Lenia analira, kulira kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Anabereka Marjorie kumbuyo kuti apite naye kuchipatala, ndipo kuchokera kumeneko akwere basi ya ku Dowa. Fyson anamugwira mkono pakhomo, kumufunsa kuti anthu amva bwanji.

"Amayi anu akawauza kuchitsime," anayankha Lenia. "Njira akuidziwa."

Lenia anamenyetsa chitseko, chitini cha mchere chili m'manja mwake.