Kamsilikali Kosafa ndi Mwala wa Tomás

Mphezi indiwaule pompano ngati ndinama! Nkhaniyi ndi yoona kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndikulumbira dzanja lili m'mwamba.

Nthawi ya nkhondo, ku Matema mumzinda wa Tete, kunali banja lopemphera la a Fernando ndi a Rosa, ochokera ku Angónia, ogulitsa mbatata ya kachewere pamsika. Mnyamata wawo Tomás ankaimba kwaya mpaka abuluzi kumayima pakhoma kuti amvetsere. Mlongo wake wamng'ono, Ana, anali atatsala kumudzi kwa azakhali.

Tsono woyendetsa galimoto wina anabwera ndi makina amasewera kuchokera ku Joni, n'kuwaika kuseri kwa kometera tsitsi. Pagalasi pankathamanga kamsilikali. Kakaomberedwa katatu, basi, choka, alowe mnzako. Tomás kake kankafa asanameze n'komwe malovu.

"Mwanawe, bokosi limenelo likudya mutu," anatero a Rosa.

"Amama, ine ndimangoonerera."

Bodzatu limenelo.

Armando, woyang'anira makinawo, anamunong'oneza: "Mphwanga, opanga chinthuchi anabisamo kanjira. Ukadina mabatani mwakutimwakuti, kamsilikali sikathanso moyo. Koma nzeru sizidyedwa ulele. Tabwera ndi mbatata."

Tomás anayamba ndi zodzaza matumba a kabudula. Kenako ndowa yathunthu, pansi pa thumba la amake n'kuthirapo miyala. Armando ankangoti, "Mawa, mphwanga, mawa."

Ndiye kunamveka zoti nkhondo yafika pafupi ndi kumudzi. A Fernando anati, "M'mawa kukunyamuka koluna, magalimoto operekezedwa ndi asilikali aja. Ndikamutenge Ana. Iwe ukandisungire malo pa bisha, ine ndithamangire chiphaso cha ulendo."

Masiku amenewo munthu akatopa pa bisha, mzere wodikirira uja, ankasiya mwala kuti umusungire malo.

"Koma usakasiye mwala," anatero bamboyo. "Ukaime ndi miyendo yako."

"Ndamva, Ababa."

Anaimadi, dzuwa la Tete likuwotcha mpaka mbuzi ina inadzapempha mthunzi pansi pa chipewa chake. Posakhalitsa anatulukira Armando.

"Lero ndiye lero, ndikuonetsa kanjira kaja. Siya mwala, onsewa ndi opusa ngati?"

Tomás anaganiza: ndikafa katatu, ndibwerera msanga, monga mwa masiku onse. Anatola mwala wakuda, n'kuukhazika pamzere.

Kalanga ine, kanjira kaja kanali koona! Kamsilikali kagwa, kadzuka, kagwa, kadzuka. Anyamata kukuwa, "Mfiti iyi!" Kale imfa ya kamsilikali ndiyo inkamuthamangitsa pamakinapo. Lero panalibe chomudzutsa. Pagalasipo anawoloka mitsinje, analowa m'mapanga obisika amene palibe anawaonapo, mpaka magetsi anazima okha.

Atafika pa bisha anapeza fumbi lokhalokha, ndi bambo ake ataima, chiphaso kumanzere, mwala wakuda kumanja.

"Okweza anthu anafunsa mwini mwalawu," anatero a Fernando chapansipansi. "Mwala sunayankhe. Ndafika galimoto itadzaza."

"Ababa, ndimati ndifa msanga..."

Sanamumenye. Bola akanamumenya.

Koluna yotsatira inachedwa, msewu utatsekedwa. Pamene a Fernando ankafika kumudzi, anapeza zitsa zanyumba, anthu atabalalikira ku Malawi. Anamufunafuna Ana m'misasa ya othawa nkhondo, osamupeza. A Rosa anatenga mwala uja n'kuuika pamphasa imene anali atamukonzera mwanayo, ndipo Tomás ankaulambalala tsiku ndi tsiku. Kwaya sanaimbenso.

Achinyamata inu, imvani: pamene makolo akuimikani, imani nokha, musatume mwala. Wokugulitsani njira yobisika sakuuzani chimene mutaye mukuiyenda. Kamsilikali kanali ndi miyoyo yosatha, koma Ana anali mmodzi.

Zonsezi n'zoona. Kungoti za mbuzi yopempha mthunzi zija ndangothirapo mchere. Tomás analibe n'chipewa chomwe.