Ndowa za pa chombo cha ku Ras Abu Aboud

...ndiye musamandiuze zoti ndinathawa ntchito ngati mwana. Achemwali a Flora, mwabwera mochedwa, khalani apo ndiyambirenso.

Chinali chaka cha korona, lamulo litangosintha loti utha kusintha ntchito popanda kalata ya bwana. Ine ntchito ya ku molo, kumashopu a ku Al Waab, ndinali nditaipeza kale. Chotsala chinali kumaliza notisi popanda kesi, chifukwa kesi ikalowa mu sisitemu, transifa khalas, yathera pomwepo.

Kampani inandiika kulondera chombo chamatabwa ku Ras Abu Aboud. Chakale zedi. A Yusufu, mdala wa ku Mangochi amene anachisamala zaka twente, ankati kale chinkayenda ndi matanga, kupita ku Zanzibar ndi zipatso za tende, kubwerako ndi mitengo yomangira nyumba. Chitakalamba anachiveka timagetsi n'kumadyetseramo alendo. Korona itabwera, zii.

Lamulo la a Yusufu linali limodzi: dzuwa likalowa, tunga madzi a m'nyanja, thira pamatabwa ponse. Apo ayi kutentha kwa kuno kumaumitsa matabwa mpaka kulekana. Tsiku lomwe anawatengera ku kwarantini anachita kundikuwira ali pawindo la basi, za ndowa zomwezo. Ine ndinati ndine sekyurite, si kilinala. Milungu itatu osathirako ngakhale kapu. Chimenecho ndikuvomera.

Madzulo amenewo notisi inali itatsala masiku naini. Ndinamwa tiyi wanga wa karaki, n'kutsikira m'kachipinda ka pansi, maso pa foni. Kunalibe mphepo.

Khwaa! pamwamba panga.

Kenako ndowa kugunda m'mbali mwa chombo. Chingwe kukokedwa. Khwaa.

Geti la padoko ndinali nditakhoma ndekha. Makiyi anali m'thumba.

Ndinakwera ndi tochi ya foni. Matabwa onse onyowa. Fungo la tende ndi mafuta a nsomba, pomwe chombocho chinasiya kunyamula katundu ine ndisanabadwe. Kutsogolo kunali anthu. Nsalu m'chiuno, opanda nsapato, opanda masiki, akupatsirana ndowa osalankhula. Wina ankakoka chingwe pamlongoti wopanda thanga. Tochi inkawalitsa matabwa bwinobwino, koma iwowo ayi.

Ndinaimbira a Yusufu. Anayankha akutsokomola, ndipo sanadabwe n'komwe. Anangofunsa kuti alipo angati. Ndinawerenga, seveni. Anafunsa ngati akuimba. Ndinati ayi.

"Akayamba kuimba ndiye kuti akunyamuka nacho. Tsika, mwanawe. Usatenge kanthu."

Ndinawakalipira. Ndinati ndikasiya positi mudir, bwana wa kampani, andilembera kesi, inu mundipezera ntchito ina?

"Iwowo sakuthira kuti chikhale," anatero. "Akuchitsuka cha ulendo. Ndipo chombo chimenecho chimayenda ndi anthu eyiti."

Foni inaduka.

Mmodzi anatembenuka. Nkhope sindinaione. Anabwera pang'onopang'ono, mapazi osamveka, n'kunditambasulira ndowa. Madzi ake ankadontha pansapato zanga. Kumbuyo kwake wina anayamba kung'ung'udza nyimbo chapansipansi, enawo n'kuvomera.

Ndinalumphira padoko. Jekete, chaja, zonse ndinasiya.

Pomwe ku mzikiti ankaitana m'bandakucha, chombo chinali chitakhala pansi pa madzi, mlongoti wokha uli kunja. Enjiniya anati matabwa anauma, madzi analowa, basi. Pa kamera ndikuoneka ine ndekha, ndikuthamanga ngati wamisala. Mudir analemba kesi tsiku lomwelo. Ya ku molo ija anapatsa wina. Anyamata a ku Nepal a boti loyandikana amanong'onezana kuti nyimbo anaimva, ikulowera kunyanja, koma pamaso pa mudir onse akuti anali mtulo. A Yusufu anachira n'kubwerera ku Mangochi. Foni yanga sayankha.

Mwezi wachinayi uno ndikugona pa matiresi a mnzanga Grayson kuno ku Bin Omran, inu n'kumati ndikanalimba mtima mpaka kuche. Chabwino, olimba mtima inu. Munthu wopanda nkhope waima apo, nyimbo yayamba, akusowa mmodzi. Ndani pano anganene kuti akanatsala?