Ndege Yachiwiri

Anakumana tsiku limene magetsi anazima m'wodi ya ana. Namwino anali atagwira ntchito kuyambira dzulo lake, maso ali psuu, ndipo atamva kuti wamagetsi wafika sanadzutse n'komwe mutu. Anangomulozera kumene kunali bokosi la mawaya n'kupitiriza kuyeza ana kutentha thupi. Pasanapite nthawi mnyamatayo anatulukira atagwira chala, magazi akudonthera pa ovolosi. Anali atadzicheka ndi chivundikiro cha bokosilo.

Namwinoyo anamutsuka balalo n'kulimanga, uku akumukalipira kuti munthu wamkulu ngati iye angagwire bwanji ntchito wopanda magolovesi. Mnyamatayo ankangomwetulira.

"Zikomo, dokotala wanga," anatero.

"Sindine dokotala ine. Ndine namwino."

"Kwa enawo. Kwa ine ndinu dokotala."

Mawa lake anabweranso, ati kudzaonetsa bala. Mkuja wakenso anabwera. Chala chinapola, koma mwini wake sanasiye kubwera, mpaka anamwino ena akamuona pakhomo ankagwedezana n'kumati, wodwala wako uja wafika. Namwinoyo anamupatsa dzina lakuti Magetsi, ndipo dzina lake lenileni linangotsala pa ziphaso.

Chikondi chawo chinali cha anthu otopa. Sankapita kutali. Magetsi ankamudikira pageti la chipatala, kumulandira chikwama, ndipo m'basi namwinoyo ankatsamira phewa lake n'kugona asanamalize n'komwe kufotokoza za tsikulo. Magetsi ankati palibe mkazi wina padziko amene amakongola akuliza mkonono.

Kenako Magetsi anapeza ntchito kunja, kukampani yomanga nyumba zosanjikizana. Tsiku lonyamuka anamugwira manja onse awiri.

"Ndikangokhazikika ubwera, mtima wanga. Mphete ndidzakuvekera pabwalo la ndege pomwepo, anthu onse akuona."

Chaka chinatha, china n'kutsatira. M'mawa uliwonse uthenga unkafika: "Wadzuka bwanji, dokotala wanga? Kuno kukuzizira, wodwala wako akufuna mankhwala ake." Koma mafoni anayamba kufupika. Mwina ankati watopa, mwina ankati m'chipinda muli anzake sangayatse kamera. Namwinoyo akatchula za ulendo, yankho linali lakuti adikire kaye, nyengo si yabwino, nyumba ndi yaing'ono, bwana ndi wovuta. Iye anadikira mpaka kudikirako kunayamba kumupweteka m'chifuwa. Anapempha tchuthi, anayendera viza mpaka kuipeza, anagula tikiti, kenako n'kumuimbira.

Kumbali inayo kunakhala zii kwa kanthawi.

"Zoona? Ndasangalala kwambiri, mtima wanga."

Namwinoyo anakumva kukhala chete kuja, koma anati ndi netiweki.

Achemwali ake ndi amene anamuperekeza kubwalo la ndege. Njira yonse ankamuseka kuti nsapato zatsopano wavalazo zikamulanga, ndipo anamuuza kuti akamupeza mlamu wawoyo wanenepa amufunse amene akumuphikira. Anaseka onse awiri, ngakhale kuti maso a achemwaliwo sankaseka nawo.

Ulendo unali wa ndege ziwiri. Yoyamba inali yokamusiya pabwalo lina lalikulu m'dziko la eni, pamene anayenera kutsika n'kukwera yachiwiri. Wogulitsa matikiti anali atamutsimikizira kuti nthawi yosinthira ndi yochepa koma yokwanira. Kodi munthu amene sanakwerepo ndege akanatsutsa chiyani?

Ndege yoyamba inachedwa kunyamuka. Anawauza kuti pali kanthu kakang'ono koti akonze, ndipo kanthu kakang'onoko kanadya nthawi yambiri imene iye ankadalira. Anali atagwira ntchito mpaka tsiku lomaliza, koma tulo sitinabwere. Mawondo anali atakanikizika kumpando wakutsogolo, khosi lili gwa, ndipo bambo amene anakhala naye pafupi anatenga potsamiritsa mikono ponse. Pofuna kudzitonthoza, anang'amba kathumba komata kamene anamuikiramo perefyumu amene anagulira Magetsi pabwalo loyamba. Ananunkhiza botololo, n'kumuona m'maganizo ataima ndi maluwa, akusuzumira pakati pa anthu.

Anatera kunja kutawala. Anthu onse anaimirira nthawi imodzi, ndipo iye anali kumbuyo kwenikweni. Aliyense ankatsitsa katundu wake mosafulumira ngati ali pakhomo pake. Atatuluka anawalowetsanso m'basi, ndipo basiyo inazungulira pakati pa ndege zoimikidwa ngati dalaivala wake wasokera.

Mkati mwa bwalolo anaima kakasi. Sanaonepo nyumba yotalika choncho. Makonde ankapita mbali zonse, makwerero oyenda okha akukwera ndi kutsika, mawu akulengeza m'zilankhulo zimene sankazimva. Pabolodi lalikulu lowala mayina a mizinda ankasinthasintha asanamalize kuwerenga. Atapeza ndege yake, anaona kuti anthu ayamba kale kukwera. Anaonetsa tikiti kwa mayi wina wa yunifolomu, ndipo mayiyo anangoiyang'ana kamodzi n'kumuuza kuti chipata chake chili kunyumba ina, akwere kasitima, ndipo athamange.

Anathamanga. Chikwama chinkamumenya m'chiuno, nsapato zikumutafuna zidendene. Foni itagwira intaneti ya pabwalopo, analemba akuyenda: "Tachedwa. Ndikuthamangira yachiwiri. Undipempherere, Magetsi wanga."

Yankho linabwera nthawi yomweyo: "Usathamange, dokotala wanga, ungagwe. Ikakusiya si mlandu."

Mtima wake unasungunuka. Munthu womuganizira chonchi akanamupezanso kuti?

Asanafike pa kasitima panali malo ofufuzira katundu, ndipo mzere wake unali wopindapinda ngati wa kuchipatala tsiku Lolemba. Iye amene moyo wake wonse ankauza anthu kuti adikire pamzere, lero anayamba kupempha mmodzimmodzi, akuonetsa tikiti, kuti amulole kudutsa. Ena anapatuka. Ena anayang'ana kumbali. Bambo wina wa jekete lalitali anamuuza kuti aliyense pamenepo ali ndi ndege yake.

Atafika kutsogolo anamuvulitsa nsapato ndi lamba. Chikwama chake chinalowa m'makina ounikira, koma potuluka chinapatukira mbali ina. Wachitetezo anachitsegula modekha, n'kutulutsa botolo la perefyumu. Anafotokoza kuti ndi lalikulu kuposa limene amalola, ndipo popeza kathumba kake kanang'ambidwa, silingadutse. Namwinoyo anayesa kunena kuti ndi mphatso ya munthu amene sanamuone kwa zaka, koma Chingerezi chinamuthawa pakamwa. Anaona botololo likuponyedwa m'bini pamodzi ndi mabotolo a madzi, ndipo analibe nthawi ngakhale yolililira.

Kasitima kanatseka zitseko iye atatsala pang'ono kukagwira. Anadikira kena, akupondaponda. Atatsika anapeza khonde lina lalitali lodzaza masitolo onyezimira, ndipo manambala a zipata ankakwera pang'onopang'ono ngati akumunyoza. Pakhosi panauma. M'nthiti munkabaya. Kenako anakweza maso pabolodi lina, ndipo pafupi ndi ndege yake panali mawu ofiira akuti chipata chatsekedwa.

Anakhala pabenchi yachitsulo, thukuta likutsika mumsana, n'kulemba: "Yandisiya, Magetsi wanga. Ndayesetsa ndithu. Pepa."

Anakhala choncho atazolika, osadziwa kuti munthu wosiyidwa ndi ndege amalowera kuti. Ndiye anamva munthu akufuula dzina la mzinda umene ankapita. Anali bambo wachikulire woyendetsa kagalimoto konyamula okalamba ndi odwala m'makonde a pabwalopo. Ankafunafuna anthu ochokera mu ndege yochedwa ija, chifukwa analipo angapo ndipo ndege yachiwiri inali itawadikira. Namwinoyo anakwera akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Kagalimotoko kanaliza belu, anthu n'kumapatuka, mphepo ikumuwomba kumaso. Anaganiza zosamuuza Magetsi mpaka atakhala pampando. Adzadabwa bwanji!

Akutsika pachipata, foni inanjenjemera. Unali uthenga wa mawu, wautali. Kutsogolo kwake kunali anthu ochepa akuonetsa mapasipoti. Anaika foni kukhutu akumwetulira.

Magetsi ankalankhula monong'ona, ndipo chapafupi pankamveka madzi akutuluka pampopi.

"Dokotala wanga, pepa ndi zimene zachitikazi. Koma mwina zakhala bwino choncho. Usakwere ndege ina, chonde. Ndakhala ndikusowa poyambira. Kuno sindikhala ndekha. Pali munthu amene ndikukhala naye, ndipo tili ndi mwana. Sindinafune kuti zifike apa. Nthawi zonse ndikafuna kukuuza, ndimamva mawu ako mphamvu n'kundithera. Ndimati ukafika ndikakusiye kaye kwa mnzanga wina, ndikufotokozere pang'onopang'ono. Koma iweyo ndiwe mtima wanga, zimenezo sizinasinthe."

Kuseri kwa mawu akewo, kuseri kwa madzi aja, mwana ankalira. Namwinoyo ankakudziwa kulira kwa ana kuposa nyimbo iliyonse. Ameneyo sanali wakhanda wa dzulodzulo. Anali mwana wa miyezi ingapo, wanjala, wozolowera kuti akalira wina amabwera. Ndiye kuti m'mawa uliwonse miyezi yonseyi, pamene uthenga wa "wadzuka bwanji" unkafika, mwanayo analipo. Pamene iye ankaima pamzere wa viza, analipo. Ndipo "usathamange" uja sichinali chikondi ayi. Linali pemphero la munthu wofuna kuti ndege imugwirire ntchito imene iye ankaiopa.

"Mayi, mwatsala ndinu nokha," anatero mtsikana wa pachipata, atatambasula dzanja kuti alandire pasipoti.

Namwinoyo anayang'ana kanjira kolowera mu ndege. Akanatha kukwera. Akanatha kukafika, kukamuyang'ana m'maso, kukagogoda pachitseko chimenecho kuti mkazi winayo amuone. Koma kenako chiyani? Akhalenso maola onsewo atapinda miyendo, kuti akafike n'kukasungidwa kwa mnzake wa Magetsi ngati katundu wosowa mwini? Anafufuza mkwiyo mumtima mwake kuti umunyamule, koma sanaupeze. Anapezamo kutopa kokhakokha, kwa zaka zonse zimene anadikira.

"Sindikwera," anatero.

Mtsikanayo anaganiza kuti sanamve bwino. Anamukumbutsa kuti ndege yadikira chifukwa cha iye ndi anzake, ndipo ngati sakwera ayenera kutsitsa sutikesi yake, zimene zichedwetsenso anthu onse. Namwinoyo anapepesa, n'kubwereza mawu omwewo. Mtsikanayo anatsegula pakamwa kuti anenenso kanthu, koma atayang'ana nkhope yake ndi foni imene inali ikadali m'dzanja, anangonyamula wailesi yake n'kulankhula ndi a katundu. Atamaliza anamulozera kumene kunali ofesi yosinthira matikiti, ndipo anamugwira pang'ono pamkono.

Namwinoyo anakakhala pampando woyang'ana pawindo lalikulu. Anavula nsapato. Zidendene zonse ziwiri zinali zitasupuka. Pansi, amuna ovala majekete owala anatsegula mimba ya ndege, n'kufufuza mpaka kutulutsa sutikesi yake yofiirira. Inaoneka yaing'ono kwambiri pangolo yaikulu yonyamulira katundu. Kenako ndegeyo inakankhidwira m'mbuyo, n'kutembenuka, n'kupita.

Foni inanjenjemeranso. "Wamva uthenga wanga? Ndiyankhe chonde, mtima wanga. Usadziimbe mlandu kuti ndege yakusiya."

Anawerenga mawuwo. Kenako analemba: "Sinandisiye. Inandidikira. Ndakana ndekha kukwera."

Nthawi yomweyo foni inayamba kulira, nkhope ya Magetsi ikumwetulira pagalasi. Anaisiya ilire mpaka inatopa. Italiranso anaidula, n'kuimbira achemwali ake.

"Wafika kale?" anafunsa achemwaliwo, kumbuyo kukumveka phokoso la ana awo.

"Ayi, achemwali. Ndikubwerera."

Anayembekezera mafunso. Anayembekezera kumva kuti ndinkanena ine. Koma achemwaliwo anangothamangitsa anawo kuti akasewere panja, n'kupuma mozama.

"Wadya kanthu?"

"Ayi."

"Yamba wadya, kenako ukafunse za ndege. Ukadziwa nthawi undiuze, udzandipeza ndikukudikira."

Apo m'pamene misozi inabwera. Analira mwakachetechete, foni ili kukhutu, achemwali ake osadula. Atatha anapukuta kumaso ndi mkono wa juzi, ananyamula nsapato m'manja, n'kuyamba kubwerera m'khonde lalitali lija wopanda nsapato, pang'onopang'ono, anthu othamangira ndege zawo akumudutsa mbali zonse.