Mlungu Umene Wasukulu Anajomba

Nyumba imeneyo inali yabwino, ndisaname. Bambo ndi mwana wawo wachisamba ankagwira ntchito pa fakitale imodzi yosoka matumba, bambo kunyamula katundu, mwana kulemba mu ofesi. Mayi ankawadzutsa ndi pemphero m'mawa uliwonse. Mwanayo anthu ankamutcha Wasukulu, poti anamaliza sekondale pamene bambo ake analekera sitandade faifi.

Fakitale itatsekedwa, onse awiri anabwerera kunyumba tsiku limodzi, manja ali lende. Patapita miyezi iwiri boma linalengeza kuti ochotsedwa ntchito liwaphunzitsa luso lina kwaulere, ndipo womaliza adzapatsidwa makina oyambira. Koma lamulo linali lakuti nyumba imodzi, munthu mmodzi.

Bambo anasunga fomu yolembetsera masiku atatu m'thumba la malaya. Kuwotcherera zitsulo ankakulakalaka kuyambira ali mnyamata. Tsiku lachinayi anaiika patebulo.

"Lemba dzina lako. Ine zaka zapita. Koma udziwe kuti malowa anali anga. Usawanyoze."

Tsiku loyamba Wasukulu anabwerako kukamwa kuli yasa. Anati mphunzitsi akangokhudza chitsulo, pamabuka kuwala ngati munthu wagwira mphezi n'kuimangirira pamalo amodzi, ndipo zitsulo ziwiri zimasanduka chimodzi. Bambo atamva zimenezo sanakhazikike. Anayamba kupita okha n'kumaima kunja kwa mpanda wa waya, pafupi ndi zenera la shedi yophunziriramo, kumvetsera, dzanja lili pamaso. Alonda anawathamangitsa kawiri, kenako anatopa nawo.

Mwanayo mutu unali wakuthwa. Mwezi usanathe anali ataposa onse, ndipo matenda anayambira pomwepo. Mnzake wa m'kalasimo, wotchedwa Chipewa, anamuuza kuti munthu wa sekondale sangamatuwe tsiku lonse pamodzi ndi madala osatha kulemba mayina awo. Boma limangofuna siginecha m'kaundula. Asaine m'mawa, atulukire kuseri, akapume pa bala ya pakona.

Anayamba ndi Lachisanu lokha. Kenako Lachinayi linalowamo.

Mayi atamva fungo anamufunsa ngati masiku ano zitsulo akulumikiza ndi mowa. Iye anangoseka. Bambo anamuuza kuti mpando wake amauona pazenera uli wopanda munthu, iye n'kuwafunsa ngati boma lawalemba ntchito yolondera mipando.

Mlungu wonse umene ankaphunzitsa za matanki ndi migolo ya mafuta, Wasukulu anali pa bala. Koma setifiketi anaipeza, makina anam'patsa, m'manja anamuombera. Odziwa kulemba zimawayendera choncho, enafe timangoona.

Ntchito yoyamba inabwera masana. Dalaivala wa takisi anafika ndi thanki ya petulo yong'aluka, n'kulumbira kuti anaikhuthula dzulo, mulibe ngakhale kadontho. Wasukulu anaigogoda, inalira ngati chitini, n'kuiika pabwalo.

"Mwanawe," anatero bambo, "aphunzitsi anati thanki yopanda mafuta ndiyo yoopsa. Mpweya wake umatsalira. Itsuke, uidzaze madzi kaye."

"Aphunzitsi ake ati, a pampanda? Setifiketi ili ndi dzina la ndani, bambo?"

Dalaivala anaseka. Bambo anangotenga ndowa kukatunga madziwo okha. Wasukulu, pofuna kuwaonetsa, sanadikire. Chotchinga kumaso anachikankhira pamutu kuti auone bwino mng'aluwo, n'kukhudza thankiyo ndi chowotcherera.

Amene anaona amanenabe motsitsa mawu. Dzuwa linali paliwombo, koma kuwala kumeneko kunalichititsa manyazi dzuwa. Nthaka inadumpha. Phokoso linakafika kumsika, mbalame zonse zinanyamuka nthawi imodzi, magalasi a nyumba zitatu anayoyoka. Thanki yachitsulo ija inatambasuka ngati duwa, chidutswa chake anakachitola padenga la tchalitchi. Kenako kunangoti zii, ngakhale galu sanauwe. Mayi anapezeka atagwada pakhomo, sakudziwa kuti agwada liti.

Madzi aja bambo anatunga ndi amene anazimitsira malaya a mwana wawo.

Moyo unatsala, koma maso onse awiri anapita. Chipewa sanapondeko kuchipatala. Tsiku lochotsa mabandeji Wasukulu anafunsa kawiri ngati achotsadi, kenako anapapasa pabedi.

"Bambo, mulipo? Malo anu aja ndinakawasiya pa bala. Ndikhululukireni."

Bambo anamugwira dzanja.

Lero makina aja akulira pabwalo lomwelo. Amene akuwotcherera ndi bambo, opanda pepala lililonse, ndi zimene anatola pampanda, ndipo mageti awo sagwedera. Wasukulu amakhala pabenchi, akamuuza kuti gwira apa amagwira. Kutentha amakumva patsaya. Kuwala kumene anakusirira tsiku loyamba lija sadzakuonanso.

Ndiye inu achinyamata amene mukusaina kaundula n'kutulukira kuseri, ndimveni. Mpando mwakhalapowo wina anadzimana kuti mukhalepo. Ulesi, mowa ndi kunyoza kholo ndi uchimo, ndipo mphunzitsi mungamunamize, boma mungalinamize, koma moto sufunsa setifiketi.