Bowo Labuluu

Mayi Telala anavundikira makina awo osokera dzuwa likulowa, n'kuika katoni patebulo. Munali rauta, kabokosi ka intaneti komwe mkamwini wawo anatumiza. Akampani anali atakoka kale waya kuchokera pamzati wa kumsewu mpaka m'chipinda chawo, pamwamba pa golosale.

"N'zosavuta, amayi," anatero mkamwiniyo pafoni. "Mungolumikiza basi."

Zosavuta kwa iye!

Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, anali m'chipatala kutali, ulendo wa masiku awiri. Khanda linakhala mopingasa m'mimba, ndipo madokotala anati opaleshoni ichitika mbandakucha. Iye anapempha chinthu chimodzi: "Amayi, ndisanalowe ndikuoneni nkhope. Mawu okha sakundikwanira." Koma netiweki ya m'chipinda chimenecho inali yomvetsa chisoni. Mawu ankadukaduka, vidiyo ndiye osayerekeza n'komwe.

M'katoni munali waya wachikasu. Kumbuyo kwa rauta kunali mabowo anayi achikasu ndi limodzi labuluu. Munthu wosoka zaka makumi atatu angafunsenso? Nsalu yachikasu, ulusi wachikasu. Anaulowetsa mosaganiza kawiri, mbali inayo n'kulumikiza kukhoma.

Kagetsi ka pakabokosiko kanayaka. Kofiira.

Anazimitsa, kuwerenga mpaka khumi, kuyatsanso. Kofiira. Anavala magalasi n'kulemba pasiwedi ya pansi pa kabokosiko katatu konse. Foni inavomera kuti yalumikizana, koma intaneti palibe.

"Walumikizana ndi ndani nanga, wabodza iwe?"

Anaimbira kukampani. Kunalira kanyimbo, mawu a mkazi akubwereza kuti dikirani, dikirani, mpaka khutu linatentha. Foni ya mkamwini sinkalowanso. Anachotsa ngakhale kansalu komwe anali atakasokera kuti kabokosiko kasachite fumbi, poganiza kuti mwina kakubanika. Ayi ndithu, kofiira.

Mvula inayamba. Golosale pansi inatsekedwa, msewu unati zii. Pakati pa usiku Mayi Telala anakhala pampando n'kuyamba kulira. Ankaopa kuti mwana wawo alowa m'chipinda chija osawaona, ndipo mwina osatulukamo.

Go, go, go.

Sikunali kuchitseko. Kunali pazenera.

"Odi, mayi." Mawu a mwamuna, otsika, aulemu.

"Ndani usiku uno?"

"Wamawaya. Ndaona kuti kwanu kukufiira."

Katani inali yotseka. Waona bwanji? Anaikweza pang'ono ndi chala chimodzi. Panali bambo wovala ovololo ndi chipewa cholimba, lamba wokwerera mizati ali m'chiuno. Nkhope inabisika mumthunzi wa chipewacho. Galu wa aneba, uja amauwa ngakhale pepala louluka, anali chete.

"Musatsegule, sindilowa," anatero bamboyo. "Tembenuzani kabokosiko. Waya mwaulowetsa pati?"

"Pachikasu, pamtundu wake."

Bamboyo anaseka chapansipansi, kuseka kopanda chipongwe. "Mwasoka bwino, mayi, koma ichi si chovala. Uchotseni. Muulowetse pabowo labuluu, lili palokhalo."

Mayi Telala anauzula n'kuulowetsa pomwe anauzidwa. Kofiirabe.

"Musakakhudzenso. Kapatseni nthawi."

Anadikira onse awiri, wina mkati, wina kunja, mvula ikuwomba malata. Apo ndi pomwe Mayi Telala anakumbukira, thupi lonse n'kuchita tsembwe. Chipinda chawo n'cham'mwamba. Kunja kwa zenera limenelo kulibe khonde, kulibe masitepe, ndi khoma lokhalokha mpaka pansi. Anafuna kusuzumira kuti aone pomwe bamboyo waponda, koma khosi linakana.

"Ndi mdzukulu woyamba?" anafunsa bamboyo.

Mayi Telala anali asanamuuze zimenezo. Komabe pakamwa panayankha pokha: "Woyamba."

"Zikhala bwino. Inu mumuona."

Kagetsi kanaphethira kawiri, kenako kanasanduka kobiriwira. Nthawi yomweyo foni inalira, ndipo nkhope ya mwana wawo inadzaza galasi lonse, yotupa, maso ofiira, kachipewa ka kuchipatala kali kumutu.

"Amayi! Asintha nthawi, akunditenga pompano. Ndimaganiza kuti sindikuonani."

"Ndili pano, mwanawe. Ndiyang'ane bwinobwino. Nkhalamba yako yonyansa ndi ino."

Mwanayo anaseka uku misozi ikutsika. Anapemphera limodzi, mwachidule, anamwino akukankha kale bedi. Foni itaduka, Mayi Telala anatembenuka kuti athokoze. Pazenera panalibe munthu.

Sanagone. Kutacha anatsika n'kukayang'ana pansi pa zenera. Matope anali osalala, opanda phazi, opanda pomwe panaima makwerero. Mayi wa golosale, akutsegula chitseko chake, anamvetsera nkhani yonse osadula mawu. Kenako anayang'ana kumzati n'kutsitsa mawu.

"Musakauze anthu ambiri, asisi. Inu musanabwere, panagwa munthu pamzati uwo. Kunali mvula ngati ya dzuloyi. Akuti ankafulumira kuti amalize ntchito, poti mkazi wake anali atayamba matenda kuchipatala. Lamba sanamange bwino. Mwana anabadwa usiku womwewo, bambo ake osamuona."

Mayi Telala anakwera masitepe pang'onopang'ono, atagwira khoma. Asanakhale n'komwe foni inalira. Anali mkamwini, ndevu zili nyankhalala, akumwetulira ngati wopenga.

"Amayi, ndi wamkazi! Onse ali bwino, mayi ake akugona. Taonani!"

Kanthu kofiira, kamakwinya, kakulira ndi mphamvu zake zonse. Mayi Telala anakayang'ana mpaka maso anachita chidima ndi misozi. Kenako anaimirira, anatsegula katani yonse, anatsegulanso zenera, n'kutembenuzira foni kumzati.

"Amayi, tikuona msewu," anadandaula mkamwini. "Mukuonetsa ndani?"

"Takhala chete, iwe," anatero Mayi Telala. Anakweza foni m'mwamba ndi manja onse awiri, khanda likulirabe. "Onani, bambo. Musafulumire, onani bwinobwino."