Chipinda Chosakiyidwa cha Mayi Keziya

Anthu obwera kudzasangalala kupaki ya m'mbali mwa mtsinje wa Bua ankangodziwa kapinga wotchetcha bwino, mipando yapamthunzi ndi nyama yootcha. Akafika kuseri, pamene padali nyumba yakale ya malata adzimbiri, ankangojambulitsa n'kumapita. Sankadziwa kuti paki isanabwere, pamalopo padali nyumba zogona alendo zitatu, mogona amalonda a ku Chipata ndi matenanti obwerera kwawo fodya akatha. Ziwiri zidagwa kalekale. Yotsalayo idali ya malemu mayi Keziya, ndipo mwana wawo Stelia, mayi wa imvi zake tsopano, ndiye ankasesa pakiyo.

Mayi Keziya adali ndi lamulo limodzi. Chipinda chakumapeto sichinkakiyidwa. Madzulo aliwonse ankaikamo beseni la madzi otentha othira mchere, oviikamo mapazi. Alendo ankati n'chifundo cha mayiwo pa ochedwa panjira, koma Stelia ankadziwa gwero lake. Bambo ake, a Kefasi, adanyamuka tsiku lina panjinga kukapikula nsalu kutsidya kwa malire, Stelia akali wakumsana. Potuluka adaliza belu, nati, "Musakiye, ndibwera mochedwa." Ulendo wake udali womwewo.

Anthu adanena zambiri, ena kuti adakwatira ku Zambia, ena kuti adapita ndi madzi. Mayi Keziya ankangoyankha kuti, "Munthu adati achedwa, sadati sabwera." Ngakhale tsiku lomwalira adamugwira Stelia padzanja, nati, "Nyumbayi ikali chiimire, chitseko chija chisakiyidwe." Stelia adalonjeza, ndipo ankachitadi zonse, ngakhale pothira mcherewo ankang'ung'udza kuti mwamuna wotere akadakhala wake bwenzi atamuikira madzi a tsabola.

Loweruka lina madzulo, anthu atabalalika, Stelia adapeza a Limbani, woyang'anira paki watsopano, akukhomera loko pachitseko chija.

"Lolemba tikugwetsa nyumbayi, pabwera holo ya maukwati," adatero. "Tikasiya potsegula, akuba azula mafelemu."

"Ingosiyaniko chimodzichi, bwana. Nyumbatu ikadaima."

"Zakale zimenezo, amayi." Adaika kiyi m'thumba, nakwera njinga yamoto kupita ku Boma.

Manja sadziwa kuti zinthu zasintha. Stelia adapezeka atatereka madzi, atathira ndi mchere womwe. Adanyamula beseni mpaka pachitseko, nayang'ana loko uja, n'kulisiya pakhonde. Adakagona m'kanyumba kake kakuseri, koma tulo sitidabwere. Mtima unkamuwawa ngati wawatsekera kunja mayi ake omwe.

Achule ankalira kumtsinje monga mwa masiku onse. Kenaka adaleka onse pamodzi. Kudangoti zii.

Belu la njinga lidalira chapatali, cha kumlatho. Stelia adadziuza kuti ndi wakabaza wochedwa. Lidaliranso, tsopano pafupi. Geti la paki lidali lotseka, ndipo mlonda adali asanakhosomoleko n'komwe. Koma njingayo idali mkati. Ankamva tcheni chikukhula pang'onopang'ono, ngati wopalasayo watopa zedi. Idadutsa pansi pa zenera lake, nikaima kunyumba yakale.

Go, go, go.

Sikudali kugogoda kwa wakuba, kapena kwa woledzera. Kudali kwa munthu wodziwa kuti wafika pakhomo pake. Stelia adadzifunditsa bulangete kumutu.

"Odi kuno."

Mawu aamuna, otopa, koma a munthu wachinyamata. Padapita kanthawi. Loko adagwedezeka. Ndiye mawu aja adamvekanso, opanda mkwiyo, ongodabwa chabe.

"Nanga mwakiya?"

Apa mantha a Stelia adasanduka chisoni. Zaka zonsezi mayi ake adatenthetsa madzi opanda wowasamba, ndiye munthu afike usiku umodzi wokhawo n'kupeza potseka? Adadzuka, namanga chitenje, natenga nkhwangwa yowazira nkhuni.

Kunja nkhungu yochokera kumtsinje idali itakuta kapinga yense. Pakhonde adaona njinga itatsamira chipilala, kumbuyo kwake kuli mtolo womanga ndi mphira. Pambali pake padali mdima wotalika ngati munthu. Stelia sadakweze maso. Mwana wolera bwino sayang'ana bambo ake kumaso, ndipo usiku umenewo ulemuwo udamuthandiza. Adakantha loko uja, nakanthanso, mpaka misomali idazuka ndi thabwa lomwe. Adakankha chitseko, nakokera beseni mkati, nagwada pakhomo.

"Lowani, bambo," adatero. "Pepani, madzi azizira."

Kamphepo kadamudutsa pambali, konunkha thukuta ndi fumbi lam'msewu. M'beseni mudamveka khuvu, ngati phazi lalowa m'madzi, kenaka kupuma kwa munthu amene watula katundu.

Ndipo mkatimo, m'chipinda chimene chidali chokiya, chopanda munthu, chopanda ngakhale mphasa, wina adatsonya. Stelia kutsonya kumeneko adakulira nako.

"Koma inu a Kefasi," adatero mayi Keziya. "Mwachedwatu."

Stelia adabweza chitseko pang'onopang'ono, monga achitira mwana akuluakulu akayamba nkhani zawo. Adakakhala pabedi pake akulira ndi kuseka komwe, mpaka tambala adalira.

M'mawa a Limbani adakalipa kuti kudabwera akuba, koma atafufuza sadapeze chosowa. Madzi a m'beseni okha ndiwo adali ofiira ndi dothi. Amayi ochapa kumtsinje ndiwo adaona mkukuluzi wa matayala a njinga pamchenga, ndipo mpaka lero amanong'onezana za mkukuluziwo. Amati pobwera njingayo idangokanda pamwamba, koma pobwerera tayala lakumbuyo lidazama, monga lichitira pakaliyala pakakhala munthu.

Lolemba nyumba idagwa, Stelia akuonerera chapatali, osagwetsa msozi. Madzulo ake adatereka madzi, nathira mchere, nakhala pakhomo pake n'kuviikamo mapazi ake.