Heisuke Anagogoda Pansi pa Madzi

Madzulo amenewo tinadya mpunga wosakaniza ndi balere, Heisuke akudandaula monga mwa masiku onse.

"Sitima yanji iyi? Angerezi anatigulitsa chitini cha nsomba," anatero, akumenya khoma ndi nkhonya.

Sankanama. Sitima yathu anaipangira liwiro basi, kuti izipirikitsa timaboti ta adani toponya mabomba. Inali yaitali, yowonda, ya machumuni anayi, zitsulo zake zopyapyala zedi. Ine ndi Heisuke tinali othira malasha pang'anjo, kunsi kwenikweni.

Kutada, iye anakwera pamwamba ndi chidebe kukataya phulusa. Nyanja inali itakalipa. Funde linakwera kumutu kwa sitima n'kusesa ponseponse. Chidebe chinatsala. Mwini wake ayi.

Tinali pamzere ndi sitima zina, nyale zonse zozimitsa, adani ali pafupi. Lamulo linatsika: osaima.

Ndinkaponya malasha, misozi ikusakanikirana ndi thukuta. Kenako ndinamva. Go! Go! Go! Pakhoma, kuchokera kunja. Pansi pa madzi.

"Bwana Kumazo, mwamva?" ndinafunsa mkulu wathu wa injini.

"Ndi chipika chimenecho. Thira malasha, Tokuji."

Koma chipika sichingayende limodzi ndi sitima yothamanga choncho. Kugogodako kunkasuntha pang'onopang'ono, ngati munthu wofunafuna chitseko mumdima. Kunafika pomwe ndinaima. Ndinaika dzanja pachitsulo chozizira, kugundako n'kundilowa m'chikhatho.

"Heisuke!" ndinakuwa. "Gwira zolimba, mnzanga!"

Kugogoda kunakula, kukufulumira. Bwana Kumazo anandigwira phewa.

"Ukufuna titsegule pati, iwe? Tikaboola timira tonse."

Tinangoima, amuna akuluakulu, mafosholo m'manja. Kugogodako kunatsetserekera kumbuyo, komwe zopalasa za injini zimatema madzi. Kenako zii.

Titafika ku Sasebo, tinapeza mkazi wa Heisuke, Omitsu, ataima padoko. Uthenga tinali tisanatumize. Sanandifunse kanthu.

"Anabwera usiku uja," anatero chapansipansi. "Atanyowa thupi lonse, milomo ili bii. Ndinamutsegulira, koma anakana kulowa. Akuti sanaweruke, ndiye akudabwa kuti bwanji anzake simukumutsegulira."

Kumbuyo kwanga wina anali atayamba kale kukuwa kuti tikakweze malasha, chifukwa mawa lake tinkabwerera panyanja pomwepo.